Kaseti ya agogo: mawu anakwera, chowabweza chinali kulira kwa magetsi

Usiku wathawu mbali A ya kaseti yoyamba yatheka, ndipo agogo akumveka ngati agogo. Ntchito yake ndi yosamutsira mu kompyuta makaseti 11 omwe anajambulidwa akusimba za moyo wawo: zaka zomwe anagwira ntchito, mmene ankalerera ana uku akupita kuntchito usiku, mpaka zidzukulu. Cholinga ndi chakuti pa mwambo wowakumbukira anthu amve mawu awo enieni, osangoona zithunzi.

Zoyamba zinali zachizolowezi. Kasiponji kokanikiza tepi pa hedi (kachitsulo kowerenga mawu pa tepi) kanali katagwa, ndipo chikuto cha kasetiyo chinali chomata, osati chomanga ndi timabawuti, choncho ndinachiswa m'mbali n'kusamutsira mawilo onse awiri m'chikuto cha TDK D90 cha timabawuti tisanu. Zikuto zimenezi musamataye mukazipeza, ngakhale tepi yake itatha ntchito. Za Maxell nazonso n'zabwino, timapepala toterera ta mkati timakhalabe tosalala. Hedi ndi kapusitani (kamtengo kachitsulo kokoka tepi) ndinapukuta ndi spiriti ya isopropyl, kagudumu ka labala ndi madzi ochepa chabe. Azimuth, kutanthauza kupendekeka kwa hedi, ndinaikonza ndikumvetsera mu mono, kupotoza kabawuti pang'onopang'ono mpaka "s" ndi "ch" zitamveka zakuthwa. Ikani kachizindikiro pomwe kabawutiko kanali musanakakhudze. Kujambula kunali mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, WAV, 48 kHz, 24 bit.

Vuto lomwe landidyera masiku anayi ndi ili. Mawu anatuluka oyera, koma okwera komanso othamanga pang'ono. Osati kwambiri moti n'kuseketsa ayi, kungoti aliyense wowadziwa akamva ankati, "Amenewa si iwo." Mayi wokalamba ankamveka ngati mng'ono wake.

Ndinayamba ndakayikira deki yanga, makina oseweretsera kaseti. Ndinasintha lamba, ndinayesa ndi kaseti ya nyimbo yogula n'kufananiza ndi nyimbo yomweyo ya pa CD, ndipo liwiro linali bwinobwino, 4.76 cm pa sekondi monga mwa lamulo la kaseti. Ndiye kuti wolakwa anali makina omwe anajambulira kalelo: ankayenda mochedwa, ndipo tepi yojambulidwa mochedwa ikaseweredwa pa liwiro loyenera, zonse zimakwera. Kudziwa zimenezo n'kosavuta. Chovuta n'chakuti anachedwa ndi zingati. Ndinayesa kutsitsa ndi khutu, 3 pa 100, kenako 8 pa 100, ndipo pakatha ola khutu limavomera chilichonse. Achibale awiri anasankha mafayilo osiyana, aliyense ali wotsimikiza.

Yankho linali m'chinthu chomwe ndinkalimbana nacho kuti chichoke. Pansi pa mawu panali kung'ung'uza kwa magetsi, ndipo Notch Filter (sefa yochotsa kulira kumodzi kokha) ya pa 50 Hz sinkakuchotsa. Ndinkaganiza kuti ndalakwitsa Q, nambala ya kupapatiza kwa sefayo. Nditasankha masekondi 10 pomwe agogo akhala chete n'kutsegula Plot Spectrum, yomwe imaonetsa pa chithunzi mphamvu ya kulira kulikonse, size 32768, ndinaona nsonga ziwiri: yaing'ono pa 50 Hz, yaikulu pa 53 Hz. Ya 50 ndi ya deki yanga ndi mawaya anga a lero. Ya 53 ili pa tepi penipeni, inalowa tsiku lojambula chifukwa makinawo anali olumikizidwa ku magetsi. Magetsi amenewo anali a 50 Hz, sakanakhala 53. Nsonga zina zinatsimikiza: 106 m'malo mwa 100, 159 m'malo mwa 150. Kumayiko a magetsi a 60 Hz masamu ake ndi omwewo, mungosintha nambala.

Basi, 50 kugawa ndi 53 ndi 0.943. Nambala imeneyo ndinailowetsa mu Change Speed, yomwe m'ma Audacity atsopano akuitcha Change Speed and Pitch. Musagwiritse Change Pitch payokha kapena Change Tempo payokha. Tepi ikathamanga, kukwera kwa mawu ndi liwiro zimapita limodzi, ndiye ziyenera kubwerera limodzi; zinazo zimadula mawu m'tizidutswa n'kulumikiza, ndipo zimasiya kakunjenjemera kosakhala ka munthu. Kusiyana kwa 6 pa 100 ndi pafupifupi kiyi imodzi yoyandikana pa kiyibodi, n'chifukwa chake khutu linkakana koma osatha kunena chalakwika. Mbali ya mphindi 45 yakhala pafupifupi mphindi 48.

Pamenepa ndiye pali phunziro la kachitidwe: liwiro liyambe, kuyeretsa kubwere pambuyo. Fayilo yanga yoyamba ndinali nditaipititsa kale mu Noise Reduction (yochepetsa phokoso) ndi High-Pass Filter (yodula kulira kwa pansi) pa 80 Hz, ndipo umboni wonse unali utafufutika. Chinandipulumutsa n'chakuti fayilo yosakhudzidwa ndinaisunga padera. Liwiro litakonzeka, notch ya 50, 100 ndi 150 inagwira nthawi yomweyo. Kulira kwa deki yanga kunatsikira pa 47 Hz, ndipo kumeneko ndakuthetsa posiyanitsa waya wa mawu ndi waya wa magetsi n'kujambulanso. Noise Reduction ndaisiya pa 6 dB yokha. Mukakweza kwambiri mumachotsa kupuma kwawo ndi kaphokoso ka mpando, ndipo popanda zimenezo mawu amakhala ngati a pa wailesi, osati a munthu amene wakhala nanu m'chipinda.

Timakina totchipa ta USB tosamutsira makaseti sindikukhulupirira pa ntchito ngati iyi. Tina tilibe kabawuti ka azimuth kofikirika, ndipo timayenda mogwedera.

Mbali B ndi mutu wina. Ilibe kung'ung'uza konse, kusonyeza kuti inajambulidwa ndi mabatire, ndipo mawu akukwera pang'onopang'ono kulowera kumapeto pomwe mabatirewo ankafooka. Nambala imodzi siingakonze zimenezo. Ndikuganiza zoyesa Time Track ya mu Audacity, yomwe imasintha liwiro malo ndi malo, n'kumayerekeza ndi kagunda ka wotchi ya pakhoma yomwe ikumveka chapatali m'malo ena, ngati ndingathe kuwerenga kugunda kwake molondola. Makaseti 10 otsalawo sindinawatsegule n'komwe, awiri ndi C120 (a mphindi 120) a tepi yopyapyala yomwe imakonda kutafunidwa. Ndikufunanso kulemba mawu onse papepala ndi kulumikiza nkhani iliyonse ndi chithunzi cha nthawi yake, zonsezi mwezi usanathe.