Nyumba ya ku Limbe ndi sitampa imene chiswe chinasiya

Mayi amene anandipatsa ntchitoyi anali atalemba kale chikwangwani chawo mumtima. Anagula nyumba yakale ku Limbe, ya khonde lozungulira ndi denga lalitali la malata, ndipo akufuna kuisandutsa malo ogona alendo. Wogulitsa anawauza kuti inamangidwa nkhondo ya Chilembwe ya 1915 isanachitike. Kwa ine ankangofuna pepala lotsimikiza, kuti chakacho akachikhome pageti.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi kufufuza," ndinatero. "Chimene ndikapeze mwina sichikukomerani."

"Pitani mukapeze kaye, achimwene," anayankha akuseka.

Lolemba ndinalithera panyumbapo. Sindithamangira ku maofesi ndisanagwire khoma ndi manja anga. Pamene pulasitala anagamuka ndinaona njerwa zootcha zofanana bwino, zomangidwa ndi simenti, mawindo a mafelemu achitsulo, pansi pa konkire yopaka polishi wofiira. Mtima unayamba kukayika pomwepo. Kuseri kuli kanyumba ka zipinda ziwiri kamene aliyense amangokatchula kuti boyizikota. Makoma ake ndi ochindikala, njerwa zake zazikulu, ndipo nditakanda ndi kiyi pakati pa njerwazo panagwa dothi. Kontilakitala amene anali pompo akuyeza anandiuza kuti kameneko kagwetsedwa kuti pakhale poimika magalimoto. Ndinangojambula ndi foni n'kupitirira.

Madzulo mayi aja anatulutsa bokosi lachitsulo limene analipeza m'siling'i. Munali malisiti akale ndi pepala limodzi lolimba, liizi ya pulotiyo. Chiswe chinadya ngodya imene panali deti, ngati chinachita kutumidwa, koma sitampa chinaisiya. Pa sitampayo pali mutu wa Mfumu George VI, amene analamulira kuyambira 1936 mpaka 1952. Sindinanene kanthu. Liizi si chiphaso cha kubadwa kwa nyumba. Munthu atha kutenga liizi ya malo amene pali kale nyumba ya zaka makumi atatu.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, ndipo ineyo zinanditengera zaka kuti ndizolowere. Mapepala a boma amatsata dothi, satsata khoma. Akuuzani amene anali ndi malowo, kukula kwake, malire ake, ndalama imene ankapereka pachaka. Za tsiku limene mmisiri anaika njerwa yoyamba, kawirikawiri amangoti chete. Chaka cha nyumba timachita kuchitchera msampha: pepala lina lionetse kuti panalibe, lina lionetse kuti ilipo, ndiye chaka chili pakati pamenepo.

Lachiwiri ndinali ku Lands. Kumeneko dzina la mwini wake wa lero silithandiza kwenikweni, chofunika ndi nambala ya puloti. Kaundula amene tikugwiritsa ntchito m'tauni anabwera ndi lamulo la Registered Land Act la 1967, ndipo tsamba la puloti iliyonse limayambira pamene inalembetsedwa koyamba pansi pa lamulolo. Za m'mbuyo mwake zili m'ma deed akale, zikalata zosonyeza amene anagula kapena kubwereka malowo. Ubwino wa ma deed ndi wakuti iliyonse imatchula inzake imene inaitsogolera, ndiye umayenda chobwerera ngati ukulondola mbumba, mwana kwa mayi, mayi kwa agogo. Malo ambiri a dera lino ukawalondola mpaka kumapeto umakafika pa ma Certificate of Claim, zikalata za umwini wa malo zimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka kwa azungu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, nthawi imene dziko linkatchedwa British Central Africa, dzina la Nyasaland lisanabwere mu 1907. Ine sindinafike kutali choncho. Ndinaima pa liizi yomwe ija ya m'bokosi, koma tsopano yathunthu, deti lake lili poyera, ndipo linagwirizana ndi sitampa. Anaitenga anali Mmwenye wina wa sitolo. M'kati mwake muli ndime imene imapezeka m'maliizi ambiri a nthawiyo, yolamula wotenga malo kuti amangepo nyumba ya mtengo wakutiwakuti wa mapaundi pasanathe nthawi yoikika. Munthu samulamula kumanga pamene pali kale nyumba yaikulu. Kenako ndinatambasula kamapu komatidwa kumbuyo. Pakati pa puloti panali poyera. Kumapeto, kufupi ndi malire akuseri, panali kabokosi kakang'ono kojambulidwa ndi inki.

Ndinakhala chete kanthawi, ndikukumbukira dothi lija linagwa nditakanda ndi kiyi.

Lachitatu ndinalawirira minibasi ya ku Zomba, ku National Archives. Malowa anatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives imene likulu lake linali ku Salisbury, Harare wa lero. Aliyense wofufuza za kale amadziwa bala limene lilipo: mu 1919 moto unatentha maofesi a Secretariat, likulu la boma la atsamunda, ku Zomba komweko, ndipo mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira anapsa. Choncho munthu akabwera ndi nkhani ya nyumba ya nthawi ya Chilembwe, ndimadziwiratu kuti umboni wake ukhala wotolatola.

Kulakwa kwa tsikuli kunali kwanga ndekha. M'mawa wonse ndinauthera pa zokambirana za khonsolo ya tauni ya Blantyre, kufunafuna pamene anavomereza pulani ya nyumbayo. Ndinatembenuza masamba mpaka maso kuwawa, osapeza ngakhale dzina la msewu. Itakwana nthawi ya nkhomaliro, ndikudya chimanga chootcha panja, m'pamene zinandifikira: Limbe inali tauni payokha, ndi khonsolo yakeyake, mpaka pamene inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Chinthu chimene ndimachidziwa bwinobwino, chimene ndimauza ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito kwa ine. Ndimawachenjezanso za maina, kuti Mulanje akamufune pa Mlanje, Thyolo pa Cholo, Nsanje pa Port Herald, Mangochi pa Fort Johnston. Koma tsikuli msampha unakola mwini wake. Masana ndinaitanitsa za Limbe, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinapeza mzere umodzi wokha: pulani ya nyumba yogonamo pa puloti imeneyo yavomerezedwa. Mzere umodzi, tsiku lathunthu. Chaka chake chinali chotsatira cha liizi ija.

Lachinayi m'mawa ndinadzera ku Mandala House, pamwamba pake pomwe pali laibulale ya Society of Malawi. Ndimakonda kukhalamo ngakhale ndilibe chofuna. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo dzina lake linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, magalasi amene anthu ankawatcha mandala. Imeneyo ndiye nyumba yamwayi: chaka chake, eni ake, zonse zinalembedwa, chifukwa eni akewo ndi amene ankagwira cholembera. Ndinayang'ana zithunzi zakale za Limbe, sitima, njanji imene inafika kuno mu 1908, masitolo a Amwenye. Nyumba yathu sinaoneke paliponse. Wojambula sankataya filimu pa misewu yakuseri.

Chimene chinapindula tsikuli chinachokera kwa mlonda wa nyumba yoyandikana. Iye ndi amene anandiuza za agogo ena okhala ku Bangwe, amene bambo awo anali khukhi wa Mmwenye uja. Ndinagula shuga ndi buledi n'kukwera kabaza.

Ndinawapeza atakhala pamkeka, maso achita kale chifunga koma mutu uli gwa. Nditawaonetsa chithunzi pafoni anachibweza, nati ndingowafotokozera. Nditatchula khonde anaseka.

"Khonde limenelo ndi la chaka cha njala, mwana wanga. Nyumba inalipo kale, koma inalibe khonde. Amisiri ake ankalandira ufa m'malo mwa ndalama, ndipo ankathokoza. Ine ndinkawatungira madzi."

Njala imene akunena ndi ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre. Anthu a msinkhu wawo sasokoneza chaka chimenecho ndi china. Palibe pepala lililonse limene ndinaona sabata yonseyi lotchula khondelo, chikhalirecho ndi limene linakopa mayi aja kuti agule nyumbayo.

"Nanga kanyumba kakuseri, agogo?"

"M'menemo ndi mmene ndinabadwira. Koma bambo ankati iwonso anakapeza. Ankati munkagona kapitawo wa anthu okonza njanji."

Ndinawafunsa maina a amisiri aja. Anakumbukira mfunda wa mmodzi yekha, wamkulu wawo, amene akuti anaphunzira zomangamanga ku mishoni ya Blantyre. Ndinaulemba m'kope langa. Mu liizi muli dzina la mwini malo, la loya, la mboni ziwiri ndi la mkulu wa boma amene anasaina. La munthu amene anaimika makomawo mulibe, ndipo pa nyumba zonse zimene ndafufuzapo sindinalipezepo m'fayilo.

Lachisanu ndinalemba lipoti. Ndimaligawa patatu: zimene mapepala akutsimikiza, zimene khoma likuonetsa, ndi zimene ndinamva pakamwa. Za kapitawo wa njanji ndinaziika m'gawo lachitatu, ndipo ndinalemba momveka kuti ndi mawu a munthu mmodzi, amenenso anachita kumva kwa bambo ake. Chimene ndingaikepo dzina langa ndi chakuti kanyumbako kanalipo nyumba yaikulu isanamangidwe.

Mayi aja anawerenga tsamba loyamba nkhope itagwa.

"Ndiye kuti anandinamiza?"

"Mwina ayi, mayi. Mwina nawonso anauzidwa choncho. Chaka chimene anakupatsani chikhoza kukhala choona, kungoti chinasamuka nyumba. Chinachoka kuseri n'kubwera kutsogolo."

Anatsegula tsamba la kamapu, nayang'anitsitsa kabokosi ka inki kaja. Kenako anatenga foni n'kuimbira kontilakitala kuti anyamata amene anawauza kuti abwere Loweruka ndi zikumbiro asabwere kaye. Atadula anandifunsa ngati agogo aja angavomere kudzaona malowo akawatumizira galimoto. Ndinati ndikawafunsa Lolemba, popeza ndinali nditaiwalanso chipewa changa pakhonde pawo.