Soda wa delele mu labu

Lachiwiri, usiku. Ndafika kuno ku Mtendere mdima utagwa kale, minibasi inachita kuima pa siteji iliyonse ya Great East Road. Malaya akununkhabe ether, mankhwala amadzimadzi osungunulira zinthu amene timagwiritsa ntchito mu labu. Azakhali angonditsegulira chitseko n'kufunsa, "Iwe, ukuchokera kusukulu kapena kuchipatala?"

Lero mu labu anatipatsa ufa woyera m'kabotolo, mosakanikirana zinthu ziwiri: benzoic acid ndi naphthalene, ija ya timibulu toika m'sutikesi kuti njenjete zisadye zovala. Ati tilekanitse. Kusefa sikungathandize, chifukwa zonse zimasungunuka bwinobwino mu ether.

Chimene chimagwira ntchito ndi soda. Eya, yemweyu azakhali amathira mu delele, sodium bicarbonate. Benzoic acid ikakumana naye imasanduka mchere, sodium benzoate, ndipo mcherewo sukhalanso mu ether, umasamukira m'madzi. Naphthalene si asidi, soda alibe naye ntchito, amatsala pomwe ali. Ndiye madzi ndi ether sagwirizana, chimodzimodzi madzi ndi mafuta ophikira. Mu fanulo yolekanitsira, chigalasi chokhala ndi chotsekera pamwamba ndi kampopi pansi, umachita kuona mzere pakati pawo.

Kulongosola n'kosavuta. Manja ndiwo anandichititsa manyazi.

Ndinathira madzi a soda, kutseka, n'kuyamba kukhutchumula ngati botolo la maheu. Ndinaiwala kuti asidi ndi soda zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Chotsekera chinayamba kukankha chala changa, timadontho n'kuthawira pa tebulo. Bambo oyang'anira labu anabwera osathamanga n'komwe. "Mwana wanga, khutchumula pang'ono, tembenuza, tsegula kampopi. Ndipo uloze kukhoma, osati kumaso kwa mnzako." Nditatsegula kampopi panamveka kuti fyuu, mnzanga wa pa tebulo n'kufa nako kuseka.

Cholakwa chachiwiri chikanandiliza. Sabata yatha tinagwiritsa ntchito chosungunulira china, dichloromethane, yolemera magalamu 1.33 pa mililita, imene imakhala pansi pa madzi. Ether ndi wopepuka, 0.71 basi, amayandama pamwamba. Mutu wanga unasokoneza ziwirizi, moti ndinaima ndi bika m'manja osadziwa kuti zamadzi ndi ziti, mpaka kuganiza zotaya zapansizo poti zinkaoneka ngati madzi a pampopi. Bambo aja anandidonthezetsa kadontho ka madzi mu fanulo. Kanapyola ether yense n'kukasowera pansi. Ati palibe chotaya mpaka ntchito itatha.

Kenako, titatulutsa madzi apansi aja mu fanulo, tinathiramo hydrochloric acid kadontho kadontho kuti mchere uja ubwerere kukhala benzoic acid. Thovu kaye, chifukwa soda wotsala anali kulimbana nayo. Thovu litatha, madzi oyera mbee aja anachita mtambo, benzoic acid n'kuyamba kugwa ngati wina wawaza ufa woyera. Apa ndinaiwala ndi njala yomwe. Tinaziziritsa mu ayezi n'kusefa. Ether tinamuchotsa madzi otsalira ndi sodium sulfate, ndipo atauluka m'kabati yokoka mpweya, naphthalene anatsala m'galasi ndi fungo lake la sutikesi ya agogo.

Mawa tikayesa kutentha kosungunukira. Benzoic acid yoyera imasungunuka pa madigiri 122, naphthalene pa 80. Yanga ikayamba kusungunuka msanga, ndiye kuti muli zotsalira, ndipo ndi kutayikira kuja sindikudzidalira.

Pa nsima ndinatenga botolo la juwisi n'kuwaonetsa azakhali pamene palembedwa sodium benzoate, kuti ndi mchere umene ndapanga lero. Anangoti, "Chabwino, koma soda wanga wa m'kabati usamukhudze."