Kuthamanga makilomita 21 ku Harare posonkhetsa ndalama za ana odwala khansa ya m'maso

Musanagule nsapato kapena kuyamba kuthamanga m'mawa, pitani kaye ku bungwe limene mukufuna kulithandiza. Ine ndinayamba ndi KidzCan, bungwe lothandiza ana odwala khansa, limene limagwira ntchito limodzi ndi chipatala cha Parirenyatwa. Ndinapempha kalata yotsimikiza kuti ndikusonkhetsa ndalama m'dzina lawo, ndiponso nambala ya akaunti yawo. Kalatayo ndi yofunika kwambiri. Kuno ku Harare anthu anapsa kale ndi osonkhetsa abodza, ndipo munthu wa ku Mufakose sangakupatseni dola yake chifukwa choti mwavala malaya olembedwa za ana.

Kulembetsa mpikisano ndi nkhani yaifupi: mumalemba pa intaneti, mumalipira, ndipo tsiku lisanafike mumakatenga nambala yomata pachifuwa. Ndinasankha makilomita 21, theka la marathoni.

Nthawi yambiri inathera pofotokozera anthu matendawo. Madokotala amawatcha retinoblastoma. Amayamba kumbuyo kwa diso, pamene pamalandira kuwala, ndipo amagwira makamaka ana osakwana zaka zisanu. Pa ana obadwa 15,000 mpaka 20,000, mmodzi amakhala nawo. Chizindikiro chake choyamba n'chosavuta kuona: mwana wa diso, amene amayenera kukhala wakuda, amaoneka woyera ndi wonyezimira ngati diso la mphaka usiku, makamaka pachithunzi chojambulidwa ndi flashi. Ana ena diso limayamba kuyang'ana kumbali. Mwanayo sadandaula, amasewera bwinobwino, n'chifukwa chake makolo amachedwa. Kumayiko olemera ana oposa 9 pa 10 alionse amachira. Kuno ambiri amafika kuchipatala diso litatupa kale, khansa itatuluka m'diso, nthawi zina n'kulowera ku ubongo.

Abusa athu a CCAP anandipatsa mphindi zochepa pa zolengeza. Nditangomaliza, mayi wina wa Chigwirizano anandiimitsa pakhomo.

“Achimwene, ndiye akangolipeza amalichotsa disolo?”

Ndinawauza zoona. Chotupa chikakhala chaching'ono, pali mankhwala opha khansa otchedwa kemo, leza (kuwala kowotcha chotupa), ndi njira youmitsa ndi kuzizira. Chikakula, diso amalichotsa kuti mwana akhale ndi moyo, kenako amamuikira diso lopanga. Iwo anapukusa mutu nati agogo ake a mwana sangalole. Apa ndi pamene ana ambiri amatayikira: banja limamva za kuchotsa diso, limathawa naye mwana kupita kwa asing'anga kapena kwa aneneri, n'kubwerera mochedwa. Ine sindinyoza mapemphero, ndimapemphera ndithu, koma pempherani muli pamzere wa ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso cha pa Parirenyatwa. Ndinaonjezanso kuti pafupifupi odwala 4 pa 10 alionse ali ndi mtundu woyenda m'magazi a banja, wochokera ku jini (kachidutswa ka chibadwa cha munthu) yotchedwa RB1, ndipo mtundu umenewu nthawi zambiri umagwira maso onse awiri. Choncho mwana mmodzi akapezeka nawo, abale ake aang'ono akayezedwenso.

Za ndalama ndinakhwimitsa. Amene ali ndi EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni, ndinkawapempha kutumiza ku bungwelo mwachindunji, ine angonditumizira chithunzi cha uthenga wotsimikiza. Koma anthu athu ambiri amapereka dola ya m'manja, yokwinyika, ena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe. Imeneyo ndinkailemba m'kope pamaso pa woperekayo, iye n'kusaina, ndipo Loweruka lililonse ndinkaika chiwerengero pa gulu lathu la WhatsApp pamodzi ndi risiti. Ndalama za kulembetsa, za nsapato ndi za kombi zinatuluka m'thumba langa; sindigwirizana ndi othamanga amene amadula zimenezi pa zopereka. Achibale a ku Joni ndi ku Lilongwe anatumiza pa Mukuru. Njira imene inakoka anthu kwambiri ndi yogulitsa makilomita: munthu amagula kilomita imodzi, ine ndimalemba dzina lake pamkono ndi cholembera. Kilomita ya 18 inagulidwa ndi amalume, amene ananena poyera kuti akufuna pamene ndidzakhale ndikulira.

Kukonzekera thupi kumafuna miyezi itatu ngati simunazolowere. Ndinkadzuka kusanache, magalimoto asanachuluke, ndipo kumapeto kwa sabata ndinkathamanga ulendo wautali, kuonjeza pang'onopang'ono. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mlendo wochokera ku Nsanje kapena ku Beira amamva mpweya kuperewera masiku oyamba. Nsapato ndinazipeza pa mabhero a ku Mupedzanhamo, kaunjika wa kuno. Zipindeni, yang'anani pansi pake ngati sizinadyeke mbali imodzi, ndipo gulani zokulirapo pang'ono chifukwa mapazi amatupa. Muzithamangire kwa masabata angapo mpikisano usanafike.

Usiku woti mawa ndi mpikisano ndinadya nsima ndi ndiwo zamasamba, osati nyemba. M'mawa tiyi ndi nthochi basi. Pakani Vaseline m'mphechepeche ndi m'khwapa, ndipo amuna matani pulasitala pa mawere, apo ayi malaya adzafika ndi magazi. Konzani galimoto dzulo lake, chifukwa mpikisano umayamba m'bandakucha, makombi asanayambe kuyenda bwino.

Mfuti ikalira, gulu lonse limachoka ndi liwiro. Alekeni apite. Ambiri a iwo ndinawapeza pa kilomita ya 12 akuyenda, manja m'chiuno. Pa malo alionse a madzi ndinkamwa pang'ono ngakhale ludzu lisanabwere. Kumsana kwa malaya anga ndinasindikiza chithunzi cha diso loyera ndi mawu a Chichewa ndi Chishona ouza makolo kupita kuchipatala msanga, ndipo bambo wina amene tinkathamanga mofanana anandifunsa za icho ali wefuwefu. Ndinamuyankha m'zidutswa, mawu atatu, kupuma, mawu atatu. Pa kilomita ya amalume miyendo inaumadi, ndipo ndinangowerenga mitengo ya magetsi mpaka kumapeto.

Lolemba lake ndinatenga kope ndi ndalama zotsala kupita nazo ku bungwe, tinawerenga pamodzi, ndipo anandipatsa risiti imene ndinaijambula n'kutumiza kwa aliyense amene anapereka, ngakhale wa dola imodzi. Ndinafunsa kumene ndalama zoterezi zimapita. Zina ndi za mankhwala ndi zoyeza, koma zina ndi za basi, chifukwa kemo imaperekedwa mobwereza, ndipo mayi wochokera kumafamu a ku Mazowe kapena ku migodi ya ku Shamva akasowa yokwerera, mwana amadumpha mankhwala. Kwa amene analonjeza koma sanapereke, ndinatumiza uthenga umodzi wowakumbutsa, wokhala ndi nambala ya bungwe, ndipo ndinatseka kope kumapeto kwa mwezi.