Tisanamasule nati, tinayamba tagwedeza tayala

Sabata ino pa maphunziro athu a umakaniko tinali pa maberingi a matayala. Galimoto yophunzirirapo inali Land Cruiser 80, ya 4x4, imene mwiniwake ankadandaula kuti ikathamanga imalira kuti "wuuu". Titaiyesa pamsewu, ine ndinafulumira kunena kuti ndi beringi yakumanzere, poti khutu langa linkamvera komweko. Aphunzitsi sananditsutse. Anangouza woyendetsa kuti akhotere pang'ono kumanzere, kenako kumanja, osasintha liwiro.

Phokoso linkakula tikakhotera kumanzere, n'kuchepa tikakhotera kumanja. Galimoto ikamakhotera kumanzere, kulemera kwake kumatsamira pa matayala akumanja, ndiye beringi yodwala ikapsinjika imalira kwambiri. Yovuta inali yakumanja. Phokoso limayenda m'chitsulo cha galimoto, moti wokhala m'kati angathe kulumbira kuti likuchokera kwina. Pa 4x4 palinso chosokoneza china: matayala a mano akuluakulu, aja oyendera m'matope, nawonso amang'ung'udza chimodzimodzi. Koma kulira kwa matayala kumasintha mukachoka pa phula kulowa msewu wafumbi, pomwe kwa beringi kumatsatira liwiro ndi kulemera.

Titaikweza ndi jeki n'kuikhazika pa zochirikiza zachitsulo, aphunzitsi anati, "Tagwirani tayalali pamwamba ndi pansi, muligwedeze." Linkati gwede gwede, pang'ono chabe, koma m'manja zinkamveka. Ndinati basi, tapeza. "Mwadziwa bwanji kuti si kingpin?" Ndinasowa choyankha. Kingpin ndi polumikizira pamene tayala lakutsogolo limatembenukira pokhota. Anauza mnzanga kuti akwere aponde buleki mwamphamvu, ine ndigwedezenso. Tayala linangoti nji! Buleki ikagwira, imamanga disiki ndi hub (chitsulo chozungulira chimene tayala limamangidwapo) ku knuckle (chitsulo chimene chimanyamula hub), choncho kugwedera kwa beringi kumatha. Kukanakhala kwa kingpin, kapena ball joint pa magalimoto ena, kukanapitirirabe. Mukagwira m'mbali, tayala n'kumagwedera cham'mbalimo mokha, kayang'aneni tie rod end, cholumikizira cha ndodo yokhotetsa matayala. Kanthu kameneka kanandikhudza kwambiri, chifukwa kuponda buleki sikulira chipangizo chilichonse, koma kumapulumutsa munthu kugula chitsulo chimene sichinawonongeke.

Kumasula sikunavute: soketi ya 54 mm, manati awiri, hub panja. Girisi tinaipeza yotuwa, yamadzimadzi. Hub yotentha ikamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira powoloka mtsinje, mpweya wam'kati umafota n'kukoka madzi kudzera pa seal, labala lotsekera girisi. Nditayendetsa chikhadabo pa race, mphete yachitsulo imene timaroller ta beringi timayendapo, chinkakodwa m'timaenje, ndipo timaroller tina tinali ndi dzimbiri.

Maberingi amenewa ndi a tapered roller, amene Henry Timken anawalembetsa ngati luso lake mu 1898. Ndi osongoka mbali imodzi ndipo amakhala awiri moyang'anizana, kuti anyamule kulemera kwa galimoto komanso mphamvu yokankha cham'mbali pokhota. Race ndi beringi zimasinthidwa limodzi, apo ayi yatsopanoyo idzadyeka pa timaenje takale. Race tinaikhoma ndi chitsulo chofewa cha mkuwa, mozungulira, mpaka kulira kwa nyundo kutasintha. Girisi tinaiika pachikhatho n'kumakanikizapo beringi mpaka itatulukira mbali inayo pakati pa timaroller tonse.

Pamene ndinakhalitsa ndi pomanga nati. Kuyambira kale ndinkadziwa kuti nati yabwino ndi yomangitsa, koma apa ayi. Ukamangitsa, beringi imatentha, girisi imasungunuka, chitsulo n'kusanduka chabuluu. Ukalekerera, tayala limagwedera, seal imadyeka, ndipo disiki imakankhira mapadi kumbuyo, moti buleki imayamba kugwirira pansi. Tinamanga nati yoyamba kufika 59 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira nati), tinazunguza hub uku ndi uku kuti maberingi akhale m'malo, tinamasula, kenako tinamanganso mopepuka, cha m'ma 5 Nm basi. Ndinakayika ndithu, dzanja linkafuna kuwonjezera. Kenako tinakola sikelo ya sipuling'i pa bawuti ya tayala n'kukoka, kuti tione mphamvu imene hub ikufuna kuti iyambe kuzungulira, n'kuyerekeza ndi zimene buku la galimotoyo likunena. Nati yachiwiri ukaimanga imapanikizanso yoyamba, ndiye umayezanso usanapinde timakutu ta washa. Ndinabwereza katatu sikelo isanagwirizane ndi buku, ndipo aphunzitsi anangoima pambali osandilanda sipanala.

Magalimoto ambiri atsopano alibe zonsezi. Beringi yawo imabwera yotsekedwa kale, nthawi zambiri pamodzi ndi mbali ya sensa ya ABS (yothandiza kuti matayala asauime pogwira buleki mwamphamvu), ndipo ikatha umangoisintha yonse.

Titamaliza tinayenda nayo makilomita angapo, mawindo otsegula, tonse tili chete kumvetsera. Titaima ndinatsika n'kuika chikhatho pa hub yakumanja, kenako ndinazungulira kukagwira yakumanzere. Zonse zinali zofunda mofanana.