Zikomo kwa amene ankandilanda mabuku Loweruka

Zotsatira za mayeso zatuluka ndipo ndakhoza. Ndayamba ndi zimenezi kuti inu amene mwakhala mukundifunsa mitima ikhale pansi. Koma chimene ndalembera pano ndi china. Pali anthu amene ndinawakwiyira miyezi yambiri, ndipo poti kukwiyako ndinkachitira poyera, kuthokozanso ndichitire poyera pomwepo.

Amayi ndi abambo, ndiyambe ndi inu. Teremu yomaliza itangoyamba munalamula kuti kawiri pa mwezi tizichoka pakhomo Loweruka m'mawa, tikagone kwina, tizibwera Lamulungu madzulo. Sikunali kutali ayi. Ulendo wina kuphiri, wina m'mbali mwa madzi, wina kwa achibale basi. Ine ndinkaona ngati mukufuna kundilepheretsa dala. Ndinkawerengetsa mumtima kuti anzanga akumaliza mitu itatu ya Biology, ine ndili pamwala kuonerera mbalame. Ulendo woyamba ndinabisa buku la masamu pansi pa zovala m'chikwama. Amayi munaliona. Simunakalipe, munangolitulutsa, kuliika patebulo, n'kukhoma chitseko. Njira yonse sindinayankhule ndi munthu.

Chimene sindinakuuzeni (kaya munkadziwa kale, poti amayi sabisidwa kanthu) ndi mmene usiku wanga unkayendera. Ndinkagona 2 koloko, 5 koloko ndadzuka. Ndikati ndigone mtima unkagunda ngati ndathamangitsidwa, m'mimba mukupotokola, m'manja muli thukuta. Tsamba limodzi ndinkaliwerenga katatu osatolapo kanthu. Pa mayeso oyeserera ndinatha mphindi 20 ndikungoyang'ana funso limene ndinali nditaliwerenga dzulo lake, m'mutu muli mbee. Ndinalakwa phunziro lomwe ndinkalidalira kuposa onse, ndipo pepalalo ndinalibisa masabata awiri.

Aphunzitsi anga a Biology, inu ndi amene munandiitana pambali pambuyo pa mayeso oyeserera aja. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma munandifunsa kuti ndimagona maola angati. Nditayankha, munandiphunzitsa mutu umene tinali titaphunzira kale m'kalasi, kungoti ulendo uno chitsanzo chake ndinali ine. Munati thupi likaona choopsa limatulutsira m'magazi zinthu zotchedwa adrenaline ndi cortisol, ndipo silisiyanitsa chilombo ndi pepala la mayeso. Zikakhala pang'ono zimamudzutsa munthu kuti akhale tcheru, koma zikakhalitsa masabata ambiri zimaononga tulo ndi kukumbukira komwe. Munatinso zimene munthu waphunzira masana ubongo umazikhazika bwino ali mtulo, ndipo mbali ina ya ubongo yotchedwa hippocampus imagwira ntchito yaikulu pamenepo. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ndinaseka, chifukwa ine ndinkagona atatu n'kumadzitcha wolimbikira. Munandiyang'ana osaseka nawo. Zikomo chifukwa chosaseka.

Achimwene, nanunso munandipirira. Munkabwera ndi nkhani yanu ya Hermann Ebbinghaus, Mjeremani amene ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumadziyesa yekha kuti aone mmene amaiwalira, mpaka anatulutsa zimene anapeza mu 1885. Anaona kuti zambiri zimathawa m'maola oyambirira, ndipo kubwereza pang'onopang'ono masiku angapo kumaposa kupanikiza zonse usiku umodzi. Nkhaniyi munaikamba kangapo mpaka inanditopetsa, komabe inalowa. Ndinunso munanditchera wotchi pafoni kuti ndiziwerenga mphindi 25 n'kupuma 5. Poyamba mphindi 5 zopumazo ndinkaziona ngati tchimo.

Zinthu zinatembenuka pa ulendo wachitatu. Tinakwera phiri masana onse, miyendo inachita kunjenjemera, ndipo nditafika pogona ndinagwa ngati chipika. Ndinadzuka dzuwa lili pamutu. Palibe amene anandidzutsa, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti abambo munaletsa aliyense kuyandikira chitseko. Tikubwerera munangoti, "Mwanawe, kuthamanga sikufika," n'kupitiriza kuyendetsa galimoto. Lolemba lake funso la masamu limene linandigwiritsa njakata sabata yathunthu ndinalimaliza ndisanalowe n'komwe m'kalasi. Sindinakuuzeni, chifukwa sindinkafuna mudziwe kuti mwapambana.

Ndiye pali iwe mng'ono wanga. Nditalira kwambiri za nthawi yotayika, amayi analola kuti popita tizitenga timakadi ta mafunso, theka la ola lokha, likatha tizibweza m'thumba mwawo. Wofunsa unali iwe. Unkakhala kumbuyo utakwinya nkhope ngati woyang'anira mayeso, ndikalakwa n'kumakuwa kuti "Ziro!" galimoto yonse kuseka. Mawu a mu Biology oti mitochondria sunawatchulepo bwino ngakhale kamodzi. Koma kufunsidwa popanda buku pamaso kunandionetsa zimene ndinkazidziwadi ndi zimene ndinkangoganiza kuti ndikuzidziwa, ndipo zachiwirizo zinali zambiri. Tsiku la mayeso enieni funso la mitochondria linabwera. Ndinamva mawu ako m'mutu ukulitchula mopotoka muja, ndipo ndinachita kudzigwira pakamwa kuti ndisaseke m'chipinda cha mayeso.

Wina asamve ngati ndikunena kuti kuyenda n'kumene kumakhozetsa mayeso. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndinkawerenga ndithu, mapepala a zaka zam'mbuyo ndinawalemba mpaka chala chinachita chikanga. Mantha nawo sanathe onse. Usiku woti mawa ndiyamba kulemba ndinalirabe, amayi munakhala nane m'mphepete mwa bedi mpaka ndinagona. Kungoti ndinali ndi poti n'kupumira, ndipo mutu unayambanso kusunga zimene ndaupatsa.

Ndikudziwanso tsopano kuti maulendowo sankangochitika. Abambo munkakana ntchito za Loweruka zomwe zikanakupatsani kangachepe kowonjezera. Amayi munkachapa ndi kusita Lachisanu usiku mutatopa kale, ine ndili m'chipinda kukunyinyirikirani. Azakhali munatilandira kawiri konse, ndipo simunandifunse ngakhale kamodzi kuti mayeso akuyenda bwanji. Mwina simukudziwa kuti zimenezo zinandipepukitsa chotani, poti kulikonse kumene ndinkapita funso linali lomwelo. Anzanga awiri amene munkanditumizira manotsi Lamulungu madzulo, mukudzidziwa, zikomo. Pepani kuti nthawi zina ndinkakuyankhani mwaukali ngati ndinu munalemba mayesowo.

Pa mkwiyo wonse uja, pa zitseko zimene ndinamenyetsa, ndi pa tsiku lija ndinanena kuti simusamala za tsogolo langa, ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire.

Abambo, mwati Loweruka likubwerali tinyamuka 6 koloko m'mawa. Chikwama ndalongedza kale. Amayi, mukhoza kusecha.