Mmene ndinasokera hammock yogonera kutchire

Ntchito inayambira pa kusankha nsalu. Hammock ndi bedi la nsalu lolendewera pakati pa mitengo iwiri. Yoti munthu wamkulu agonemo usiku wonse imafuna nayiloni ya ripstop, ija yokhala ndi timizere ta mabokosi toletsa kuti pong'ambika pasapitirire. Nthawi zambiri imabwera ya masentimita 150 m'lifupi, ndiye ine ndinadula mamita 3.5 m'litali kuti ndikapinda kumapeto itsale pafupifupi 3.3. Ikafupika kwambiri umagona wopindika ngati nthochi, m'mawa msana uli wowawa. Nsaluyo ikhale imodzi yathunthu, osalumikiza zidutswa pakati, chifukwa msoko wodutsa pogona thupi ndi umene umayamba kugonja.

Ulusi ndinatenga wa poliyesitala, poti wa thonje umamwa chinyezi n'kuwola. Singano ndinaika yopyapyala, nambala 70, ndipo makina ndinawatchera kuti azilumpha mamilimita atatu. Ambiri amaganiza kuti kusoka mothithikana ndiye kulimba, koma pa nayiloni mabowo akachulukana nsalu imang'ambika motsatira msoko womwewo.

M'mbali ziwiri zazitali simunavute kwenikweni: kupinda kawiri, sentimita imodzi, n'kusoka. Chotopetsa n'chakuti nsaluyi ndi yoterera, imathawa pansi pa singano. Ndinaigwira ndi timapegi m'malo mwa mapini, dzanja limodzi kutsogolo lina kumbuyo, kuikunga pang'ono koma osaikoka.

Pamene ndinafatsa kwambiri ndi kumapeto, chifukwa thupi lonse limalendewera pamenepo. Mbali iliyonse ndinapinda sentimita imodzi, kenaka ndinapindanso masentimita asanu kuti papangike njira yodutsa chingwe. Ndinasoka mizere itatu yotalikirana pang'ono, poyambira ndi pothera ndikubwereza chammbuyo. Mzere umodzi utaduka, iwiri yotsalayo imakusunga mpaka utaona vutolo. Ndisanapitirire ndinayang'anitsitsa kunsi kwa msoko uliwonse, poti ulusi wapansi ukamapanga timalupu ndiye kuti makina sanakunge bwino, ndipo pamenepo n'kofunika kuphwasula, osanyengerera.

M'njiramo ndinalowetsa chingwe cha Dyneema, chija chopyapyala koma cholimba kwambiri, chomangidwa ngati mkombero. Ndinachikoka ndi waya wopinda, n'kulowetsa nsonga imodzi mwa inzake, nsalu yonse inasonkhana pamodzi. Kuchokera mapeto ano kukafika enawo ndinamanga kachingwe kena kapamwamba kotalika mamita 2.75, komwe ndi pafupifupi 83 peresenti ya kutalika kwa hammock. Kameneka kamachititsa kuti nsalu izilendewera mofanana kulikonse kumene waimanga. Ena amakasiya, koma ine sindingalole. Kamathandizanso popachika neti yoteteza udzudzu.

Pamitengo ndimakulunga malamba a poliyesitala a masentimita 2.5 m'lifupi, chifukwa chingwe chopyapyala chimadula makungwa. Mitengo ikhale yamoyo, yotalikirana mamita anayi kapena asanu, malambawo azitsika mopendekeka madigiri 30. Ukakunga kuti iwongoke kwambiri, mphamvu yokoka misoko ndi mitengo imachuluka koopsa.

Poyesa koyamba ndinaimanga m'munsi, pansi pake pali udzu. Ndinakhala pang'onopang'ono, khutu lili ku misoko kumvetsera ngati ulusi ukuthetheka. Kunali zii. Kenaka ndinagona mopingasa pang'ono, mutu mbali ina miyendo mbali ina, ndipo msana unawongoka bwinobwino. Kukazizira pansi pamafunika kamatiresi kopyapyala, popeza nayiloni yokha siitchinga mphepo yodutsa kunsi.