Chilonda cha m'diso chomwe mwini wake sachimva

Lolemba dokotala wa cornea anatitumizira bambo wina wachikulire ndi kakalata kachidule: chilonda chakana kupola, yesani scleral lens. Pachipatala cha maso chomwe ndimagwira kuno ku England, zovuta zotere zimathera pa tebulo langa.

Cornea, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, kakakandika kamapola m'masiku ochepa. Milungu iwiri ikatha munthu akuthira mankhwala koma chilonda osatseka, pamakhala chifukwa china. Bambowa anadwala mashingozi kumaso, ndipo kachilomboko kanawononga mitsempha ya m'diso. Diso losamva siliphethira mokwanira, misozi imachepa, khungu latsopano silimera. Nditadontheza fluorescein, utoto woonetsa zilonda za m'diso, n'kuunika ndi kuwala kwa buluu, chilondacho chinawala mobiriwira, m'mphepete mwake mutakhuthala.

"Komatu sichikundipweteka," anatero bambowo.

"N'chifukwa chake tikuda nkhawa, bambo," ndinawayankha.

Scleral lens ndi lenzi yovala m'diso, yolimba ndiponso yaikulu, mamilimita 16 mpaka kupitirira 20. Imatsamira pa mbali yoyera ya diso n'kuvundikira cornea ngati mbale, osaikhudza. Musanaiveke mumaidzaza madzi amchere opanda mankhwala osungira, ndiye chilonda chimakhala m'madzi tsiku lonse, chikope osachikhula. Poveka, wodwala amawerama nkhope kuloza pansi. Akangodzidzimuka madzi amatayika, kathovu ka mpweya n'kutsekeredwa mkati, ndipo pomwe pali thovu pamauma. Mumavula n'kuyambiranso. Pa makina ojambula diso a OCT ndimafuna mpata wa ma micron pafupifupi 300 (mamilimita 0.3) pakati pa lenzi ndi cornea poyamba, poti lenziyo imatsika pang'ono ikakhazikika.

Kuveka si ntchito yaikulu. Yaikulu ndi kulondera. Tinagwirizana kuti azigona nayo, zomwe wodwala wamba timamuletsa, chifukwa pansi pa lenzi pofunda ndi ponyowa mabakiteriya amaswana msanga. Choncho m'mawa uliwonse amabwera, ndimavula, ndimatsuka, ndimayeza chilonda, ndimajambula, kenako dontho la moxifloxacin, mankhwala opha mabakiteriya, m'madzi muja, n'kuvekanso. Wina akanathamanga yekha diso likayamba kuwawa. Awa ayi. Mafinya akhoza kuyamba iwo akumwa tiyi bwinobwino. Ine munthu amene sangathe kubwera tsiku ndi tsiku sindimugoneka ndi lenzi, ngakhale achonderere.

Lachitatu linadzaza ndi achinyamata a keratoconus, matenda opyapyalitsa ndi kusongola cornea, ntchito yozolowereka. Madzulo ake kunabwera mayi wa Stevens-Johnson, matenda osupula khungu omwe nthawi zambiri amayamba thupi likadana ndi mankhwala, zikope zake zili zipsera, nsidze zopindikira mkati zikukanda diso. Anandikumbutsa kwathu, komwe nevirapine (mankhwala a HIV) ndi Bactrim zinasiya ena ndi maso otere, koma lenzi yoti iwateteze kuipeza n'kovuta. Nzeru ya lenzi zoterezi si yatsopano: dokotala wa maso Adolf Fick ankayesa zagalasi ku Zurich, Switzerland, mu 1888, kungoti galasi silidutsa mpweya, diso linkatupa. Zasintha ndi pulasitiki ya masiku ano yodutsa okosijeni.

Lachinayi tinatsutsana ndi dokotala wachinyamata yemwe ankafuna kungosoka zikope, diso litsekeke mpaka lipole. Njirayo imagwira ndithu, sindikana. Koma diso lina la bambowa ndi lofooka kale, ndiye kusoka kukanawasandutsa ogwiridwa dzanja. Mankhwala odontheza m'diso a cenegermin, othandiza chilonda chotere kupola, nawo alipo, milungu isanu ndi itatu, kasanu ndi kamodzi patsiku, koma mtengo wake ndi wosayamba. Tinamvana kuti chilonda chikaima osachepa, adzasoka.

Pofika Lachisanu chinali chitachepa kwambiri, khungu latsopano likulowera pakati kuchokera m'mbali, koma chisanatseke. Ndinaphunzitsa mwana wawo wamkazi kuvula lenzi ndi kalabala kotsopa, n'kumuuza kuti akaona diso lafiira kapena pachita kadontho koyera abwere nawo nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Loweruka ndi Lamlungu awaona dokotala wa pa dyute, ndipo zithunzi zonse ndamusiyira mu kompyuta.